Esteri Nampuluma ndi Pulogalamu Yochenjeza za Madzi

Esteri Nampuluma anakulira m'mudzi wina kuseri kwa Chonde, m'banja la Alhomwe amene makolo awo anaoloka kuchokera ku Mozambiki kudzathyola tiyi. Mayi ake, a Leah, anathyola tiyiyo mpaka zala zinakana kuwongoka. Bambo ake, a Wilson, ankagwira ntchito ya zankhalango pa Chambe, pamwamba pa phiri la Mulanje, ndipo ankatsika phiri mwa apo ndi apo, zovala zikununkha utsi ndi mkungudza. Pa ana awo onse, amene anafika Folomu 4 anali Esteri yekha. Atakhoza, abale anasonkherana kuti akaphunzire za makompyuta pa kakoleji kena ku Blantyre.

Anabwerako ndi dipuloma, koma ntchito njee. Anakhala zaka zingapo pa kashopu ka munthu wina pamsika wa Chonde, akuthira nyimbo m'mamemore kadi a anyamata a kabaza ndi kutayipira anthu makalata ofunsira ntchito zimene iye mwini sankazipeza. Makasitomala akachepa, ankadziphunzitsa Python, chinenero cholembera mapulogalamu a pakompyuta, pa foni yong'aluka galasi.

Chaka chimene napolo anatsika m'phiri n'kusesa nyumba za m'mbali mwa mtsinje wa Thuchila, kunabwera bungwe lina lothandiza anthu. Linaimika zipangizo zoyezera mvula pa Chambe, china choyezera kukwera kwa madzi pamlatho, n'kutsegula kaofesi ku boma. Cholinga chinali chakuti mvula ikachuluka pamwamba, uthenga uzifika pa mafoni a makomiti a m'midzi madzi asanafike. Amene analemba pulogalamu yolumikiza zonsezi anali Austin Chimwaza, katswiri wochokera ku Lilongwe, munthu wansangala, wolankhula mothamanga.

Tsiku lina Austin analowa m'kashopu muja kudzafotokopa mapepala. Anasuzumira pa foni ya Esteri, n'kuseka.

"Achemwali, Python pa Chonde? Wakuphunzitsani ndani?"

"Palibe, bwana. Ndimangodziphunzitsa ndekha."

"Ndiye mukuvutikiranji ndi nyimbo? Mawa mubwere ku ofesi."

Sabata yoyamba anamukhazika pambali pake n'kumuonetsa m'kati mwa ntchito yonse.

"Pulogalamu yangayi siimirira payokha," anatero Austin. "Yatsamira pa mapulogalamu ang'onoang'ono amene analemba anthu ena, anthu amene ine ndi inu sitidzawaona. Timawatcha malaibulale. Ina imamva zimene zipangizo za m'phiri zikunena, ina imasanja manambala, ina imatumiza uthenga. Eni ake amawasintha kawirikawiri, ndiye iliyonse ili ndi nambala yake, vesheni, yosonyeza kuti inatuluka liti. Mukafuna kudziwa amene ali mu kompyuta muno, muzilemba chonchi."

Analemba mawu awiri, pip list, ndipo pa sikirini panatsika mayina ambirimbiri, lililonse ndi manambala ake pambali. Esteri anagwedeza mutu, koma mumtima anaona ngati zazing'ono. Maso ake anali pa zinthu zikuluzikulu, zipangizo za m'phiri ndi mauthenga.

Kontilakiti ya Austin itatha, anabwerera ku Lilongwe n'kusiya zonse m'manja mwa Esteri. Pasanapite nthawi yaitali kunabwera Prince, wa zamakompyuta wochokera ku likulu la bungwelo ku Blantyre. Anali munthu wabwino, wofuna kuthandiza. Ataona kuti malaibulale ambiri ndi akale, anati ayike atsopano onse, ndipo Esteri anavomera, poganiza kuti chatsopano ndiye chabwino. Sabata yotsatira kunagwa chimvula pa Chambe. Madzi anatsika n'kulowa m'madimba a ku Thuchila, anthu n'kuthawa okha pomva mkokomo, ndipo uthenga wochenjeza unafika ali kale pachulu, akuyang'ana chimanga chawo chikupita. Mwamwayi palibe anafa.

Esteri ndi Prince anafufuza limodzi pa foni, laibulale ndi laibulale, akufanizira vesheni yakale ndi yatsopano. Anapeza kuti imodzi, yowerengera nthawi, inali itasintha kawerengedwe. Inkatenga nthawi ya m'phiri ngati ya dziko lina, ndiye pulogalamu inkadikira maola awiri isanatumize chilichonse. Anabwezeretsa yakale. Mabwana sanadziwe n'komwe chimene chinachitika, anangoti netiweki inavuta. Koma Esteri anali atapita ku Thuchila n'kuona mzere wa matope pa makoma a nyumba, wofika m'chiuno mwa munthu wamkulu.

Kuyambira pamenepo, Lolemba lililonse m'mawa, asanamwe ngakhale tiyi, ankatsegula laputopu n'kulemba pip list. Ankatsika ndi chala pa sikirini, dzina ndi dzina, kuona ngati nambala ina yasuntha. Laibulale yokayikitsa ankaifunsa payokha ndi pip show. Anne, amene ankayendetsa za mu ofesi, ankamuseka akamadutsa.

"Iii, a Esteri, mukuwerenganso nkhuku zanu? Zilipo zonse?"

"Zilipo."

"Nanga ndani angabe zimenezo?"

Esteri ankangomwetulira. Panalibe wina mu ofesimo amene akanamvetsa kuti nambala imodzi ingathe kumiza mudzi.

Ntchito yake sinathere pa desiki. Mabatire a zipangizo akafooka, ankakwera yekha pa Chambe, nthawi zina m'chiperoni, chikwama kumsana, kukachotsa masamba ndi akangaude m'choyezera mvula. Mauthenga amene Austin anasiya anali a Chichewa cha mu ofesi, ataliatali, ndiye iye anawalembanso monga anthu amalankhulira: madzi akubwera, kwerani kumtunda, osadikira katundu. Ankayenda pa kabaza kukakumana ndi makomiti pansi pa mitengo ya mango. Anthu a ku Thuchila anamudziwa nkhope ndi kwawo komwe, ndipo uthenga ukalowa pa foni ankati, "Esteri wanena."

Pa zaka zimenezo anali pa chibwenzi ndi Chester, mphunzitsi wa ku pulayimale, munthu wodekha amene a Leah ankamukonda kwambiri. Chester anasamutsidwira ku Rumphi, ndipo anabwera kudzamupempha kuti achite chinkhoswe anyamukire limodzi.

"Dikira mvula ithe," anatero Esteri. "Ndikachoka pano palibe wina amene akudziwa zimenezi."

"Mvula ikatha ibweranso ina. Ndidikire mpaka liti?"

"Ndiphunzitse kaye munthu wina."

"Munthu wake uti? Bungwe lako lakupatsa ndani woti umuphunzitse?"

 Esteri anapempha kangapo kuti amupatse womuthandiza, koma ankangomuuza kuti ziganiziridwa chaka chamawa. Chester anadikira mvula imodzi, yachiwiri sanadikire. Esteri anamva kwa anthu ena kuti wakwatira namwino wa komweko. A Leah sanamudzudzule, anangoti, "Mwanaka, kompyuta imeneyo idzakuphikira phala ukadzadwala?"

Kenako kunamveka kuti bungwe likutseka ntchito yake ku Mulanje. Zonse zinapatsidwa kwa kampani ina ya ku Lilongwe, kuti isamutse pulogalamu kuichotsa mu laputopu ya Esteri n'kuiyika pa makompyuta akuluakulu a pa intaneti. Mwini kampaniyo anali Austin Chimwaza yemwe uja. Anaimba foni mosangalala ngati anasiyana dzulo.

"Achemwali anga! Mwaigwira ntchito, ndamva mbiri yanu. Tikangomaliza kusamutsa, ndikufuna inuyo mukhale munthu wathu ku Mulanje. Panopa mungotitumizira pulogalamu yonse ndi mavesheni a malaibulale."

Esteri anatumiza tsiku lomwelo. Patapita masiku ochepa Austin anaimbanso, mawu atasintha pang'ono. Pulogalamu inkakana kuyenda kwa iwo. Mavesheni anayika omwewo, koma inkangoima panjira.

Esteri ankadziwa chifukwa chake. Pa zaka zonsezo panali malaibulale ena amene anawayika pamanja, netiweki itavuta, ndipo zimene pip list inkaonetsa sizinali zimene pulogalamu inkagwiritsa ntchito kwenikweni. Kuti udziwe zoona, unkayenera kuifunsa laibulale iliyonse kuchokera m'kati mwa pulogalamu momwe, inene yokha vesheni yake. Zimenezo zinali mu laputopu yake ndi m'mutu mwake basi.

Anne anamva zonse ali pa desiki yake. Foni itadulidwa, anakoka mpando n'kukhala pafupi.

"A Esteri, ndikuuzeni monga mnzanu. Anthu amenewa chatsala chimene akufuna kwa inu n'chimodzi chokhachi. Mukawapatsa, akufunaninso chifukwa chiyani? Ayambe akupatsani kalata ya ntchito, kenako manambala."

"Mvula yatsala pang'ono, a Anne. Laputopu iyi akuitenga kumapeto kwa mwezi. Yawo ikapanda kuyenda, anthu a ku Thuchila awachenjeza ndani?"

"Zimenezo adziwe okha. Inu mudya chiyani?"

"A Chimwaza ndi amene ananditola pamsika. Sangandichite zimenezo."

Anne anaimirira, akupukusa mutu. "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ine ndanena."

Mawa lake Esteri anakhala pa vidiyo ndi Austin ndi anyamata ake a ku kampani, netiweki ikudukaduka. Ankatsegula laibulale iliyonse, kuifunsa vesheni, n'kuwerenga mokweza.

"Pandas, wani, dontho, faifi, dontho, firii."

"Pitirizani."

"Pyserial, firii, dontho, faifi. Yowerengera nthawiyo musaisinthe, chonde. Inativutapo kale."

"Tamva, achemwali. Pitirizani."

Esteri anawauza zonse, ngakhale zimene sanafunse: laibulale iti imadana ndi iti, ndi pati pamene anakonza pamanja ndi chifukwa chake. Ntchitoyo inatenga pafupifupi sabata. Tsiku lomaliza anamva kuwomba m'manja ku Lilongwe.

"Yayenda!" anafuula Austin. "Mwatipulumutsa. Tikuimbirani za nkhani ija."

Mwambo wokhazikitsa ntchito yatsopanoyo unachitikira pa loji ina ku boma. Kunabwera magalimoto a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, mafumu, atolankhani ndi makomiti a m'midzi. Esteri anauzidwa kuti akhale pakhomo azigawira alendo matisheti ndi madzi a m'mabotolo. A Wilson, amene tsopano anali atapuma pa ntchito, mawondo atatha ndi phiri, anabwera pa kabaza atavala jekete lawo la ku tchalitchi. Anauza anthu onse a m'mudzi kuti akukamva mwana wawo akuyamikiridwa pamaso pa akuluakulu.

Austin analankhula bwino kwambiri. Anafotokoza mmene kampani yake inapezera pulogalamu yachikale, yodalira laputopu imodzi yokalamba, n'kuisandutsa yamakono. Anathokoza opereka thandizo, anathokoza mafumu, anathokoza anyamata ake mmodzimmodzi potchula mayina. Pomaliza anati, "komanso onse ogwira ntchito kumunda kuno." Anthu anawomba m'manja. Esteri anawomba nawo, tisheti ina ili pamkono.

Potuluka, a Wilson anamugwira dzanja.

"Mwanaka, makutu angawa anayamba kuvuta. Anakutchula nthawi yanji?"

"Sananditchule, ababa."

Mkuluyo anamusiya dzanja. Kenako anavula jekete lija n'kulipinda, ngakhale kunja kunkawomba kamphepo kozizira ka m'phiri.

"Tiye ukandikweze kabaza," anatero.

Kumapeto kwa mwezi a bungwe anabwera kudzatenga laputopu. Esteri atayesa kulowa mu pulogalamu yatsopano pa foni yake, anapeza kuti pasiwedi yasinthidwa. Anaimbira Austin, n'kuuzidwa kuti ali mu msonkhano. Anaimbanso, n'kuuzidwa kuti nkhani ya munthu wa ku Mulanje inaimitsidwa kaye, chifukwa zonse zikutheka kuyendetsedwa ali ku Lilongwe komweko. Atayesa kachitatu, foni inangolira mpaka kuduka. Anabwerera pamsika wa Chonde n'kupeza malo m'kakontena ka mkulu wina wokonza mafoni, kumathandiza kufulasha mafoni, ndiko kuwaikanso mapulogalamu, ndi kutayipa makalata.

Mu Disembala, masana dzuwa likuswa mtengo, mafoni a makomiti a ku Thuchila analira: madzi akubwera, kwerani kumtunda, osadikira katundu. Anali mawu omwe aja amene Esteri analemba. Anthu anasiya makasu m'minda, anabereka ana, ananyamula okalamba n'kuthamangira ku sukulu ya kumtunda. Anakhala kumeneko mpaka madzulo. Madzi sanabwere. Pobwerera anapeza akuba atadutsa m'makomo, mbuzi ndi nkhuku zitapita, ngakhale nandolo wa m'matumba. Patapita masabata angapo zinachitikanso chimodzimodzi. Ulendo wachitatu ambiri anangowerenga uthengawo n'kubwezera foni m'thumba.

Ku Lilongwe anthu a ku Thuchila analibe amene ankamudziwa, koma kwa Esteri ankakudziwa. Ena ankamulozera chala pamsika. Bambo wina amene anaberedwa mbuzi anaima pakhomo pa kontena n'kumutukwana anthu akuona, kuti wadya za azungu n'kumasewera ndi amphawi. Esteri anayesa kufotokoza kuti anachotsedwa kalekale, koma bamboyo anati, "Mawu aja si ako?" Ndipo analidi ake.

Anabwereka foni ya mwini kontena n'kuimbira Austin, amene anayankha chifukwa sanaidziwe nambalayo.

"A Chimwaza, ndine Esteri. Sindikupempha ntchito. Ndikungopempha chinthu chimodzi. Uzani mnyamata wanu mmodzi alembe pip list anditumizire chithunzi. Ndione ngati pali laibulale imene yasintha."

"Achemwali, zimenezo tsopano ndi katundu wa kampani. Sindingazipereke kwa munthu wakunja."

"Munthu wakunja? Manambala amenewo ndinakuwerengerani ndine."

"Ndikudziwa, ndipo tinathokoza. Anyamata anga anayang'ana kale, akuti vuto si pulogalamu. Mwina ndi zipangizo za m'phiri."

"Nanga wakwera ndani kukaziona?"

"Tikukonza ulendo. Pepani, ndili pa msewu."

Chimene chinkamuwawa kwambiri n'chakuti mwina Austin ankanena zoona. Mwina inalidi laibulale imene wina anaisintha mosadziwa, mwinanso anali masamba atadzaza m'choyezera mvula, kapena batire itafooka. Esteri sakanatha kunena. Lamlungu lina atachoka ku tchalitchi anafika mpaka ku Likhubula, m'munsi mwa phiri, n'kulikwera mwa kufuna kwake. Pamwamba anapeza bokosi la zipangizo atalitseka ndi loko watsopano, ndipo choyezera mvula anachikweza pa mtengo wachitsulo wautali, wozingidwa ndi waya waminga kuopa akuba. Analizungulira, analigogoda, anakhala pamwala mpaka mitambo inayamba kutsika, kenako anatsika nayenso opanda chimene waphunzira.

Mu Febuluwale kunayamba mvula yosalekeza. Phiri silinkaoneka, ndipo ngalande za pamsika zinkasefukira. M'mawa wina kunabwera a Janeti Mulole, wapampando wa komiti ya ku Thuchila, mayi wachikulire amene anayenda ndi Esteri m'midzi zaka zonse zija. Anafika atafunda pulasitiki kumutu, chitenje chili chonyowa mpaka m'mawondo.

"Moseliwa, mwanaka," anatero polowa, popereka moni m'Chilhomwe.

Esteri anawayankha n'kuwapatsa kabenchi. A Janeti sanafune tiyi. Anatulutsa foni yawo yaing'ono m'kachikwama ka shuga n'kuiyika patebulo.

"Ine sindinabwere kudzakutukwana. Ndikudziwa kuti anakutaya. Koma anthu anga akundifunsa, ndipo ine ndilibe wina womufunsa. Mtsinje wayamba kulira. Uthenga ukabwera lero, tithawe kapena tikhale? Nanga ukapanda kubwera, ndiye kuti tili bwino?"

Esteri anayang'ana foniyo. Kale akanatsegula laputopu n'kuwauza kuti pa Chambe pagwa mvula yochuluka bwanji, ndi kuti pulogalamu ili bwino chifukwa waiona yekha m'mawa womwewo. Lero anali ndi sikuludiraiva m'manja ndi foni ya munthu wina yothyoka pochajira.

"Amayi, sindikudziwa. Sindikuonanso chilichonse cha m'kati mwake."

"Ungoganiza basi. Iwe ndiye unazipanga."

"Ukabwera, thawani. Usiyeni mudzi ndi amuna angapo olondera ziweto, ena onse kumtunda. Ukapanda kubwera musaudikire. Ikani anthu pamlatho aziyang'ana madzi ndi maso, asinthane, akhale ndi wezulo."

"Monga tinkachitira kale zisanabwere zimenezi?"

"Eya. Monga kale."

A Janeti anabwezera foni m'kachikwama muja n'kumanga pakamwa pake mosamala.

"Ndiye zaka zonse zija tinkavutikiranji?" anafunsa, osati mokwiya, koma ngati munthu wofunadi kudziwa.

Esteri anatenga ambulera. Anawaperekeza mpaka pa siteji ya kabaza, ambulera ili pamutu pa a Janeti, iye akunyowa phewa limodzi. Anadikira mpaka njinga inakhota, kenako anabwerera ku kontena, kumene kasitomala anali akumudikira kale mokwiya chifukwa foni yake inali isanakonzedwe.